Kupalasa Njinga Pabalaza

Adzukulu anga, inu amene muli kuno ku Nkholongue ndi inu amene munabalalika ku Lichinga, ku Nampula, ku Lilongwe mpaka ku Joni, senderani kuno ndikuuzeni za njinga. Nkhaniyi wayambitsa ndi mmodzi wa inu. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha. Mwezi wathawu anatumiza kanema pa foni ya mlongo wake kuchokera ku Johannesburg, ndipo tinaunjikana pakhonde, ine, agogo anu aakazi ndi ana a pakhomo pano, maso onse pa kagalasi kaja. Tinaona mnyamata atavala kabudula wothina ngati khungu la mlamba, atakwera njinga pabalaza m'nyumba ya mnzake, akupalasa ngati wathamangitsidwa ndi njati, thukuta lili chuchuchu. Koma kabati ili pomwepo, mpando uli pomwepo, iyenso ali pomwepo. Agogo anu anaika dzanja pakamwa n'kufunsa kuti, “Kodi mwanayu akuthawa chiyani? Nanga bwanji sakuchoka?” Ana anaseka mpaka kugubuduka pamphasa. Kanema atatha panabwera mawu ake, akuti nayenso akufuna kugula chipangizo chotere, tsono agogo mundiuze, ndigule chodzigudubuza kapena chomangirira gudumu?

Ine sindinaseke kwambiri. Zaka za nkhondo zija, titathawira kutsidya kwa nyanja ku Malawi, nsima yanga inkachokera m'sipanala. Ndinayambira pansi pa mtengo wa mango ku Nkhotakota, kumata machubu ndi kuwongola malimu, kenaka ndinalembedwa m'shopu ina ku Lilongwe kumene kunkabwera njinga za mpikisano za anthu andalama. Zipangizo zoterezi ndinazigwira ndi manja angawa, ndipo zatsopano za masiku ano ndaziona pochezera ana, ndafunsanso anyamata amene anatsala m'ntchito yathu ija. Mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Koma mundipirire, nkhalamba silunjika, imayamba yazungulira kumunda.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndinabwerera kuno ndi mkazi, ana, mphika umodzi ndi njinga yakuda ya saizi 28, ya mabuleki a ndodo. Njinga imeneyo inakhala bulu wanga, galimoto yanga ndi ambulansi ya mbumba yonse. Inanyamula usipa wouma m'madengu, inanyamula makaka, inanyamula miphika imene amayi a mudzi uno amaumba, titaikulunga ndi udzu kuti isagundane. Usiku wina inanyamula azakhali anu atayamba kumva zowawa za pobereka, ine ndikukankha, mlamu wanga akuunikira ndi tochi yofooka, mpaka ku Metangula. Mwana amene anabadwa m'mawa wake lero ali ndi ana atatu.

Inu nonse mukudziwa kuti Metangula ali kumpoto kwa ife. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, mwera ukakalipa, popita umakukankha kumsana ndipo umadziona ngati kamnyamata. Pobwerera, utamanga ufa, sopo ndi mchere pakeliyala, mphepo yomwe ija imakuimira pachifuwa ngati munthu amene uli naye ngongole. Pamchenga tayala limamira, pachitunda umatsika n'kumakankha, mutu uli pansi. Ndipo amene anayesapo kukwera ndi katundu msewu wodzera ku Maniamba kupita ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100 wokwera mamita oposa 800 kuchoka m'mbali mwa nyanja, akudziwa kuti ntchafu zimalankhula.

Ndazungulira chonchi kuti mumvetse chimene mukufuna kugula. M'chipangizo chija mulibe njinga, njinga mumabwera nayo nokha. Chimene mukulipira ndi kulemera: mwera, mchenga ndi chitunda, zotsekeredwa m'kabokosi kachitsulo kuti muzizitsegula mukafuna. Ife kuno timazipeza ulele, ndipo masiku ena timazitukwana. Tsono funso loyamba si lakuti ndigule chiti, koma lakuti kodi kumene ndikukhalako mwera kulibe?

Kwa ena a inu kulibedi, ndipo pamenepa ndikuikirani kumbuyo kwa agogo anu. Munthu amene amatuluka m'nyumba kusanache n'kubwera kutada, amene msewu wa pakhomo pake ndi wa maminibasi osaona munthu, amene njinga yabwino ikhoza kumuitanira mpeni pakhosi, sangapalase panja monga ife. Ndipo thupi la m'tauni limavunda lili chikhalire. Ife tinkadya kondowole wambiri koma tinkamutentha ndi nkhafi, khasu ndi pedulo. Inu mumadya zonona mutakhala pampando, kenaka timamva kuti uje ali ndi shuga, uje magazi akuthamanga, asanafike ndi zaka 40 zomwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuno mayi wopita kumunda ndi kukatunga madzi amazikwanitsa Lachiwiri lisanathe. Ngati inu mungazipeze pabalaza pokha, palasani pabalaza, manyazi ayi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano tiyeni ku zipangizozo. Zilipo za mitundu itatu, ndipo ndiyamba ndi chimene chinandigwetsa.

Ndicho chodzigudubuza chija, azungu amachitcha rollers. Ndi chimango chogona pansi chokhala ndi migolo itatu yozungulira. Gudumu lakumbuyo limakhala pakati pa migolo iwiri, lakutsogolo pamwamba pa umodzi, ndipo pali lamba wolumikiza kuti ukamapalasa magudumu onse awiri azizungulira. Palibe chomangirira, palibe chogwiririza. Njinga imaima chifukwa iwe ukudziwa kuiimika, monga mmene bwato lamtengo limakhalira chilili chifukwa cha wopalasa.

Tsiku lina m'shopu ija, bwana atatuluka, ndinati ndiwaonetse anyamata kuti munthu wa kunyanja saphunzitsidwa njinga. Ndinatenga njinga ya kasitomala, yopepuka ngati bango, n'kuiika pamigolo. Poyamba ndinagwira khoma, ndinapalasa, ndinasiya khoma, ndipo zinayenda. Anyamata anaimba mluzu. Pamenepo ndinalakwitsa: ndinayang'ana pansi kuti ndione tayala lakutsogolo. Ndinaliona likusendera kumphepete, ndinakhotetsa handulo mwamphamvu monga ndikanachitira pozemba dzenje, ndipo ndinangozindikira ndili chagada pansi pa tebulo la zida. Chitini cha mabolo a m'habu chinandikhuthukira kumaso, timipira tija tinamwazika shopu yonse. Masana onse ndinali chokwawa, kutola kamodzikamodzi, anyamata akuseka, ine ndikupemphera kuti limu la eni ake lisakhale litapindika. Silinapindike, koma chigongono changa chimakumbukabe nyengo yozizira ikafika.

Tsono amene wasankha rollers amve izi. Masiku oyamba ziike pakati pa chitseko, kuti mapewa akhale ndi poyedzamira mbali zonse ziwiri. Maso akhale kutsogolo, pa chinthu chimene chili patali pang'ono, osati pa tayala. Manja akhale ofewa pahandulo, pakuti amene wagwira mwamantha ndiye amagwedezeka. Mabuleki usawakhudze. Ukamva kuti ukupendama, usachepetse, onjezera kupalasa, chifukwa gudumu lothamanga ndilo limaima bwino. Mgolo wakutsogolo uusunthe kufikira utakhala pansi penipeni pa habu yakutsogolo kapena patsogolo pake pang'ono chabe. Ndipo usaope kuti ukagwa uboola khoma: ukachoka pamigolo njinga imangoima, iwe n'kugwera chammbali ngati thumba la makaka. Ubwino wa rollers ndi wakuti zimaphunzitsa mwendo kuzungulira mosalala ndi thupi kukhala bata, sizifuna magetsi, zambiri zimapindika n'kulowa kunsi kwa bedi, ndipo chowonongeka kawirikawiri ndi lamba ndi mabolo basi. Kuipa kwake n'kwakuti zambiri sizilemera kwenikweni, ndipo sungapalase uku ukuwodzera kapena ukuyankha foni. Migolo yaing'ono imalemera kuposa yaikulu, zimenezi muzikumbukire posankha.

Chachiwiri ndi chomangirira gudumu, chija mdzukulu wanga anaona kwa mnzake. Chimagwira njinga pa habu yakumbuyo mbali zonse ziwiri, gudumu n'kukwera m'mwamba pang'ono, tayala n'kumakhuzana ndi kamgolo kachitsulo. Kulemera kumachokera ku chimodzi mwa zitatu: chokupiza mphepo, maginito, kapena mafuta otsekeredwa m'kachibotolo. Cha mphepo n'chotchipa koma chimalira ngati chigayo, ndipo mukachigula mukukhala m'nyumba yogundizana ndi ena, mwagula mlandu. Cha maginito chili pakatikati. Cha mafuta chimakhala chete ndipo chimalemera mukamathamanga, monga mphepo yeniyeni imachitira, koma chikakalamba chikhoza kudontha. Apa kugwa kulibe, ngakhale agogo anu akhoza kukwera. Koma chimadya tayala. Mudzaona fumbi lakuda pansi ndipo tayala lidzaphwatalala pakati ngati lapalidwa ndi mpeni. Musaikepo tayala latsopano la pamsewu, ikani lakale losalala kapena lopangidwira ntchito imeneyi. La mano, la njinga za m'mapiri, limachita phokoso loti mwana sangagone. Mukamaliza masulani kamgolo kaja kasapitirize kufinya tayala usiku wonse, ndipo pansi pa gudumu lakutsogolo ikanipo thabwa kuti njinga isaweramire kutsogolo. Thabwa, ndatero. M'shopu adzafuna kukugulitsani kapulasitiki ka ntchito yomweyo.

Chachitatu ndicho chimene chimakutengani mtima inu achinyamata. Mumachotsa gudumu lakumbuyo lonse, tcheni n'kuikoleka pa magiya a chipangizocho. Tayala silidyeka, phokoso ndi lochepa, koma ndi cholemera kunyamula ndipo mtengo wake ukhoza kugula njinga zingapo zakuda zonyamula katundu. Makampani monga Wahoo ndi Tacx amapanga zimene zimalankhulana ndi foni kapena kompyuta. Mumatsegula pulogalamu ngati Zwift, pagalasi pamaoneka msewu ndi kamunthu kopalasa, ndipo kamunthuko kakafika pachitunda chipangizo chimalemera chokha. Mukhoza kupikisana ndi munthu amene ali ku London inu muli pabalaza ku Joni. Ndinaziyesa kamodzi, ndipo sindinama, n'zokoma. Mtima unandigunda ngati ndili ndi zaka 20.

Koma walira mvula walira matope. Zambiri mwa izo zimafuna magetsi, ndipo inu a ku Joni mwakhala mukutidandaulira za kuzimazima kwa magetsi. Zimafuna intaneti. Pulogalamu ija imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ngati lendi, ndipo mukasiya kulipira msewu wokongola uja umatsekedwa. Kabodi ka m'kati kakapsa, palibe mnyamata wa pansi pa mtengo amene angakakonze ndi sipanala ndi waya. Ine ndinakula ndi lamulo limodzi pa zitsulo: usagule chinthu chimene sungachikonze wekha, kapena chimene wochikonza ali kutali koposa ulendo wa tsiku limodzi.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, pakuti nkhani zake mumazidziwa kuposa ine. Mudzanditchulira Mathew Hayman wa ku Australia. Zoonadi, mu Febuluwale 2016 anagwa pa mpikisano ku Belgium n'kuthyoka mkono. Anthu anati chaka chake chatha. Iye anamangirira njinga m'galaja, mkono wa pulasitala uja atautsamiritsa pa makwerero, n'kumapalasa pa Zwift tsiku ndi tsiku. Mu Epulo chaka chomwecho anapambana Paris-Roubaix, mpikisano wa makilomita oposa 250 wodutsa m'misewu ya miyala, ali ndi zaka 37, atagonjetsa Tom Boonen pamzere womaliza. Mudzanditchuliranso Ashleigh Moolman-Pasio wa ku South Africa. Dziko lake linatseka anthu m'nyumba pa 27 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mipikisano ya pamsewu inaima kulikonse, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mayiyu anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse wa amayi pa mpikisano wopalasira m'nyumba. Zonsezi n'zoona ndipo ndimawavulira chipewa. Koma taonani bwino, ana anga. Hayman anali atapalasa mpikisano womwe uja kambirimbiri, akugwa, akudzuka, akumeza fumbi, zaka zoposa khumi. Chipangizo sichinamupatse miyendo, chinangomusungira imene anali nayo kale. Inu mukufuna kuyamba ndi galaja.

Pano ndinene mawu owawa pang'ono, mundikhululukire. Ena a inu simukufuna kulimbitsa thupi, mukufuna kanema. Mukufuna kuti a kumudzi aone kuti uje zake zinayera, ali ndi njinga ya m'nyumba. Ndalowa m'nyumba zingapo m'tauni, ndipo chipangizo chotere ndachipeza pakona chitasanduka choyanikapo mataulo ndi masiketi. Chinagulidwa mu Januwale ndi malumbiro ambiri, pofika Malichi kangaude wamanga nyumba. Ena anachitenga pa ngongole ndipo akulipirabe chinthu chimene chikuyanika zovala, pamene amayi awo kuno denga likudontha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupalasa m'nyumba n'kotopetsa mtima, ndikuuzeni zoona. Panja pali anthu opatsana nawo moni, pali mbuzi yodutsa, pali nyanja yosintha mtundu. M'nyumba muli khoma. Theka la ola limakhala ngati tsiku la maliro. Musanatulutse ndalama, pitani kwa mnzanu uja, mupemphe kukwera chake katatu pa sabata kwa mwezi wathunthu. Mwezi ukatha mtima ukadafunabe, kagulani. Ngati pa sabata yachiwiri mwayamba kupeza zifukwa, mwapulumutsa ndalama zanu, ndipo mnzanuyo mumugulire fanta.

Mukatsimikiza, musapite kushopu manja ali m'thumba, tengani njinga yanu. Si chipangizo chilichonse chimalandira njinga iliyonse. Mahabu amasiyana m'lifupi, ena amamangidwa ndi manati, ena ndi kamtengo kotsekula ndi dzanja, ena ndi chitsulo chonenepa cholowa m'felemu. Pa chija chochotsa gudumu, magiya ake ayenera kufanana chiwerengero ndi a njinga yanu, apo ayi tcheni izingodumpha. Njinga yathu yakuda ya giya imodzi ndi mabuleki a ndodo sinapangidwire zimenezi, musaivutitse. Wogulitsa akakuuzani kuti zikwana, muuzeni aikepo pomwepo inu mukuona, mukwere, mupalase.

Ndipo musanyoze chakale. Poti ambiri amagula n'kutopa nacho, zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka pamtengo wotsika, zina zisanathe n'komwe utoto. Koma pogula chitani monga amachitira amayi ogula miphika ya kuno. Simunawaone? Mayi sayang'ana kufiira kwa mphika. Amaunyamula, amaugogoda ndi chala, n'kutchera khutu. Mphika wabwino umalira nge, wa mng'alu umayankha mogonthera ngakhale mng'aluwo usakuoneka. Inunso zunguzani mgolo ndi dzanja mumvetsere. Ukamalira ngati muli mchenga, mabolo atha. Ugwedezeni chammbali muone ngati ukusewera. Yang'anani pansi ngati pali dontho la mafuta, yang'anani lamba ngati wang'ambika, yang'anani dzimbiri m'malo owotcherera. Wogulitsa akamakufulumizitsani, akuti pali wina akubwera ndi ndalama, musiyeni wina uja agule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za dzimbiri ndionjezepo. Panja mphepo imaumitsa thukuta, m'nyumba limagwera panjinga, ndipo thukuta ndi mchere. Ndinamasulapo handulo ya njinga yodula kwambiri, nditachotsa nsalu yokulunga ndinapeza chitsulo chitadyeka, chayera ngati ufa, choti munthu akanatsika nacho phiri chikanathyokera m'manja. Mwini wake ankapalasa m'nyumba chaka chonse osapukuta. Yalani thaulo pahandulo ndi pafelemu, mukamaliza pukutani, tsegulani mawindo, ikani fani patsogolo panu ngati ilipo, ndipo botolo la madzi likhale pafupi. M'mwezi wa Ramazani musadzionetse mphamvu masana muli pa swaumu. Dikirani dzuwa lilowe, mufuturu, thupi libwerere, kenaka mupalase pang'ono. Ndipo amene dokotala anamuuza kale za mtima kapena magazi, ayambe wafunsa kuchipatala asanakwere.

Kumbukiraninso anansi. Kuno nyumba zili patalipatali, ndipo phokoso la m'mawa ndi la tambala ndi la asodzi obwera ku usipa. M'nyumba zosanjikizana pansi panu ndi denga la wina, mwina namwino amene wagwira ntchito usiku wonse, ndipo kunjenjemera kwa chitsulo kumatsika ndi simenti mpaka pa pilo yake. Yalani mphira kapena kapeti yokhuthala, sankhani nthawi, ndipo pitani mukagogode mumufunse ngati akumva. Ndinu alendo m'dziko la eni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Kwa iwe mdzukulu wanga wofunsa, yankho langa ndi ili. Poti ukungofuna thukuta ndi kuchepetsa mimba imene tinaiona m'kanema ija, gula chomangirira gudumu, cha maginito kapena cha mafuta, chakale koma cholira bwino, ndi tayala limodzi lakutha. Rollers uzisiyire tsiku limene udzalowe m'gulu la opikisana n'kufuna kuphunzira kuyenda mowongoka pakati pa anzako. Chija cha intaneti udzachiganizire chaka chikatha ukupalasabe, ngongole ulibe, ndipo fizi ya mng'ono wako yalipidwa. Uyambe ndi mphindi 20, osati ola. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo mkazi wako akafuna kukwera, umutsitsire chishalo. Ife kale tinkati njinga ndi ya amuna, kwinaku akazi akusenza mitolo pamutu kuyenda pansi mtunda womwe ife tinkakwera. Tinali opusa, ndipo ndikuvomera ndisanafe.

Tsopano inu amene munatsala kuno, amene munaseka pakhonde paja kenaka usiku n'kumasirira mwakachetechete. Ndinakuonani. Musasirire. Inu mukasunga ndalama za usipa kapena za ganyu, gulani njinga yoti ikudyetseni. Musatengeke ndi zonyezimira za masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo ndi magiya 21 zimene zimabwera zotchipa. Mchenga wa kuno umalowa m'magiya amenewo ngati nyerere m'shuga, ndipo pakatha miyezi itatu mukupalasa giya imodzi yomweyo, yokhotakhota. Yang'anani felemu yachitsulo yoti ikathyoka iwotchereredwe, keliyala yolimba, masipoko onenepa, ndi saizi ya tayala imene mungaipeze pamsika wa ku Metangula popanda kutuma munthu ku Lichinga. Ku Malawi ndi ku Zambia kuli njinga zotchedwa Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, ndipo keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Sindikuti mugule imeneyo basi, ndikuti muone maganizo ake: zitsulo zochepa, zonse zolimba. Ndipo mukagula, musamaitsuke m'nyanja n'kuisiya ndi madzi m'mahabu. Gilisi ndi wotchipa kuposa habu. Yobwereka muibweze ndi mpweya m'matayala, pakuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo maubale ambiri m'mudzi muno anatha chifukwa cha pedulo.

Ngati mukufunadi njinga yoima pamalo amodzi, iimikeni kuti igwire ntchito. M'misika ya m'tauni ndinaona amuna ataimika njinga pa sitandi, lamba atamukoleka ku mwala wonolera, akupalasa uku akunola mipeni ndi zikwanje za anthu, madzulo n'kutsitsa njinga yomweyo kupita kwawo ndi ndiwo. Ku Wimbe, m'boma la Kasungu, William Kamkwamba ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anatenga felemu ya njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo ndi zitsulo zotola, n'kumanga makina a mphepo amene anayatsa babu m'nyumba mwawo. Anthu ankamutcha wamisala. Njinga imeneyo sinapite kulikonse, inapachikidwa pamwamba pa mitengo, koma mwini wake inamufikitsa ku sukulu za kunja. Mphepo imene inazunguza gudumu lake ife tili nayo yochuluka, ndipo timangoiyang'ana ikugwetsa madenga.

Agogo anu akuti ndikuuzeni kuti iwo sanakhutirebe, akuti munthu wopalasa osafika ndi wofunika kumupempherera. Ine ndawauza kuti mwanayo akusamala thupi lake ndipo amusiye. Njinga yanga yakuda ija ikadali pakhonde, chishalo ndinachimanga ndi mphira, belu linasiya kulira kalekale, koma felemu ndi yomwe ija ya 1992. Iwe wa ku Joni, ukamabwera usabwere mu Disembala, ubwere mu Julayi mwera uli pachimake. Undibweretsere tcheni imodzi ndi machubu awiri a saizi 28. Tidzapite limodzi ku Metangula m'mawa, ine pakeliyala, ndipo pobwerera udzapalase ndiwe.